Kusankha gitala yamagetsi ya nsambo 7: mafunso ndi mayankho

Magitala awiri a nsambo 7 atha kufanana maonekedwe ngakhalenso mtengo, koma m'manja n'kusiyana kutalitali. Pa imodzi nsambo yaikulu imalira mwamphamvu, mawu ake n'kumamveka bwinobwino. Pa inayo imangogwedezeka uku ikukhula mafreti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza chimene chimabweretsa kusiyanako.

Kodi nsambo yowonjezerayo imakhala pati, ndipo imachunidwa bwanji?

Imakhala mbali ya nsambo zazikulu, moyandikana ndi E wamkulu, ndipo ndi imene imatsika mawu kuposa zonse. Machunidwe a masiku onse ndi B E A D G B E. Nsambo zisanu ndi imodzi zimene mukuzidziwa sizisintha. Makodi onse amene munaphunzira ali pamalo awo omwewo. Chowonjezereka ndi mawu asanu otsika kuposa E, kuyambira D# kutsika mpaka B. E wamkulu amalira pa 82.4 Hz (kuchuluka kwa kugwedezeka kwa nsambo pa sekondi imodzi), pomwe B ameneyu ali pa 61.7 Hz. Mukamutsitsa ndi mafreti awiri kuti akhale A, amafika pa 55 Hz, ndipo machunidwe amenewa ndi amene oimba amawatcha drop A.

Gitala ya mtunduwu si yachilendo. George Van Eps, woimba jazz wa ku America, ankaimba kale ya nsambo 7 cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Gretsch inatulutsa ya dzina lake mu 1968. Yamagetsi ya thupi lopanda mphako inafala kuyambira mu 1990, pamene kampani ya Ibanez inatulutsa gitala yotchedwa Universe mogwirizana ndi woimba gitala Steve Vai. Gulu la Korn, limene linkaimba magitala a nsambo 7, litatchuka kuyambira mu 1994, achinyamata ambiri anayamba kuifuna, makampani ena n'kulowanso pamsika.

Ndiyambire pati posankha?

Yambani mwadziwa kuti muziichuna bwanji. Zina zonse zimatsatira pamenepo, ndipo chachikulu mwa izo ndi kutalika kwa nsambo kuchokera pa nut (kachidutswa kamene nsambo zimagonapo kumutu kwa khosi) kukafika pa bridge (pamene nsambo zimamangika pa thupi la gitala), kumene amakutcha scale length. Ambiri amathamangira kufunsa za mapickup (tizipangizo totola mawu a nsambo) ndi matabwa, koma nsambo yokhwepa palibe pickup imene ingaikonze.

Miyeso yofala ndi itatu: mainchi 25.5 (mamilimita 648), mainchi 26.5 (mamilimita 673) ndi mainchi 27 (mamilimita 686). Ibanez RG7421 ndi ya 25.5. Jackson JS22-7, Schecter Hellraiser C-7 ndi magitala a Ibanez a mtundu wa RGD ndi a 26.5. ESP LTD SC-607B, ya Stephen Carpenter wa gulu la Deftones, ndi ya 27.

Kusiyana kwa inchi imodzi kumaoneka kochepa, koma kukungika kwa nsambo kumakwera mofulumira kuposa kutalikako. Nsambo yomweyo, yochunidwa chimodzimodzi, imakungika kwambiri ndi 8 peresenti pa 26.5 poyerekeza ndi pa 25.5, ndipo ndi 12 peresenti pa 27. Kumbali inayi, kutsitsa nsambo ndi mafreti awiri kumaichotsera pafupifupi 21 peresenti ya kukungika kwake. N'chifukwa chake gitala ya 25.5 imene imachita bwino pa B imayamba kuvuta mukaitsitsira ku A osasintha nsambo.

Ngati muzikhala pa B ndipo mumakonda kuimba ma solo okoka nsambo, 25.5 ikukwanirani, ndipo dzanja silimva kusiyana ndi gitala yanu yakale. Wa drop A, kapena wosinthasintha pakati pa B ndi A, atenge 26.5, kwa anthu ambiri uwu ndiye muyeso wosadandaulitsa. Wofuna kutsika mpaka G kapena F# asavutike ndi zofupika, apite pa 27. Komabe si lamulo: a Korn ankatsitsa nsambo zonse ndi mafreti awiri pa magitala a Ibanez a 25.5, ndipo kukhwepa kwa nsambozo kunali gawo la mawu awo. Ngati ndi mawu amenewo mukufuna, musawathawe.

Wogulitsa akapanda kudziwa muyeso, yezani nokha ndi tepi kuchokera pa nut kukafika pa freti ya 12. Mukapeza mamilimita 324 ndi ya 25.5, cha pa 336 ndi ya 26.5, pa 343 ndi ya 27.

Manja anga ndi aang'ono. Kodi khosi lake silindilemetsa?

Pali zinthu zitatu zosiyana apa, ndipo anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi m'lifupi: pa nut, khosi la gitala ya nsambo 6 limakhala mamilimita 42 kapena 43, la nsambo 7 limakhala 47 kapena 48. Chachiwiri ndi kunenepa kwa khosi kumbuyo. Makosi a Ibanez otchedwa Wizard ndi opyapyala, cha pa mamilimita 19 pa freti yoyamba, ndipo kumbuyo kwake n'kophwatalala; a Schecter ambiri, makamaka akale, ndi odzaza m'dzanja. Chachitatu ndi kutalikirana kwa mafreti. Freti yoyamba ili pa mamilimita 36.4 kuchokera pa nut pa gitala ya 25.5, ndi pa 38.5 pa ya 27. Pofika pa freti yachisanu kusiyanako kumakhala pafupifupi sentimita imodzi, ndipo kachala kakang'ono kamaimva ndithu.

Khosi lopyapyala si kuti ndiye losavuta kwa aliyense. Amene amayika chala chachikulu kumbuyo kwa khosi amalikonda. Amene anazolowera kufumbata khosi, chala chachikulu chikusuzumira pamwamba, nthawi zambiri dzanja limawawawa pa khosi lophwatalala chifukwa chikhatho chimasowa pogwira. Njira yodziwira ndi imodzi: gwirani kodi ya F yotsekereza (yodina nsambo zingapo ndi chala chimodzi) pa freti yoyamba kwa theka la mphindi, kenako tambasulani zala kuchokera pa freti 1 mpaka 5 pa nsambo ya B. Ngati minofu ya pansi pa chala chachikulu ikuyamba kuuma, yesani khosi la mtundu wina.

Nanga magitala a mafreti opendekeka aja ndi otani?

Amatchedwa multiscale. Nsambo yaikulu imakhala yaitali, mwachitsanzo mainchi 27, pomwe yaing'ono imatsala pa 25.5, ndiye mafreti amayalidwa mopendekeka kuti nsambo iliyonse ipeze muyeso wake. Phindu lake n'loonekeratu: B ndi wokungika, koma nsambo zing'onozing'ono zimakokeka mosavuta.

Dzanja silichedwa kuzolowera pakati pa khosi. Povuta ndi kumapeto: makodi otsekereza pa freti yoyamba, ndi mafreti a pamwamba pa 17. Funsani kuti freti yowongoka ndi iti, chifukwa ndi imene imasonyeza mmene kupendekekako kwagawidwira. Ikakhala kutali, cha pa 12, ku nut kumapendekeka kwambiri ndipo dzanja limapotoka pogwira makodi oyambirira. Kumbukiraninso kuti bridge yake nayo ndi yopendekeka, choncho potseka nsambo ndi chikhatho muyenera kupendeketsa dzanja. Mapickup ake ambiri ndi opendekekanso, ndipo olowa m'malo mwake sapezeka chisawawa.

Ndiikemo nsambo zanambala yanji?

Mapaketi odziwika ndi 9–54, 10–56 ndi 10–59. Manambalawa amanena kunenepa kwa nsambo yaing'ono ndi yaikulu, mwachitsanzo 59 ndi .059 ya inchi, pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Magitala ambiri amatuluka kufakitale ndi nsambo zopepuka, n'chifukwa chake B amamveka wofooka m'sitolo ngakhale gitalayo ili yabwino.

Poyambira pabwino ndi apa. Kwa B pa 25.5, tengani .056 mpaka .060. Kwa A pa 25.5, .062 kapena .064, pa 26.5, .060 kapena .062 imakwana. Kwa G pa 27, kuyambira .068 kukwera. Mbali ya nsambo zing'onozing'ono mumachita mosemphana: pa gitala yaitali tsikani nambala. Nsambo ya .010 yochunidwa pa E imakoka pafupifupi makilogalamu 7.3 pa 25.5, koma pa 27 imapitirira 8, ndipo ma solo amayamba kupweteka zala. Ikani .009.

Musaganize kuti kunenepetsa nsambo kuthetsa zonse. Nsambo yonenepa kwambiri pa gitala yofupika imauma, siigwedezeka momasuka, mawu ake amazimiririka msanga ndipo amakhala obisika. Komanso pali zotchinga ziwiri: mpata wa pa nut, umene umafunika kukulitsidwa ndi fayilo yoyenera kuti nsambo isapanikizike, ndi kabowo ka pa chochunira, kamene pa magitala ena sikalola nsambo yopitirira .060 kapena .064.

Paketi ya nsambo 7 ikasowa m'sitolo, gulani paketi wamba ya 10–46 n'kuwonjezera nsambo imodzi yapadera ya .059 kapena .060. Ya gitala ya besi musaiyese: kamphete ka kumapeto kwake n'kakakulu, sikalowa mu bridge zambiri za gitala. Poitanitsa kunja, itanitsani nsambo zazikulu zingapo nthawi imodzi.

Mapickup a batire ndi opanda batire, abwino ndi ati?

A batire, amene amawatcha active, monga EMG 707, EMG 81-7 ndi Fishman Fluence Modern, ali ndi kachipangizo kokweza mawu mkati mwake ndipo amadya batire ya 9V. Phokoso la magetsi limakhala lochepa, mawu amatuluka ofanana mphamvu kaya mwamenya pang'ono kapena kwambiri, ndipo pa distortion (mawu osasa aukali a nyimbo za rock ndi metal) yochuluka B amamveka wakuthwa. Opanda batire, monga DiMarzio Blaze amene anali pa Universe, kapena Seymour Duncan Nazgûl, Pegasus ndi Sentient, amatsatira kwambiri mmene dzanja lamenyera. Woimba zosakaniza, nyimbo zofatsa ndi zaukali zomwe, kawirikawiri amakhutira ndi opanda batire.

Chofunika kwenikweni pa gitala ya nsambo 7 ndi chakuti pickup ya ku bridge isachulukitse mawu otsika. Nsamboyo ili nawo kale ambiri. Yesani chonchi: ikani distortion, gwirani kodi ya nsambo zinayi kuyambira pa B, imenyeni kamodzi. Ngati mukutha kumva nsambo iliyonse payokha, pickupyo ndi yabwino.

Amene akuganiza zodzasintha mapickup mtsogolo ayang'ane dzenje limene pickup yakhalamo. Ambiri a batire ndi amakona anayi opanda makutu, otchedwa soapbar, ndipo dzenje lawo ndi lalikulu kuposa la wamba. Zopotoza zowonjezera mawu, zotchedwa ma pot, nazo zimasiyana: EMG imafuna ma pot a 25k, opanda batire amafuna a 500k, choncho kusintha mtundu ndiye kuti kusintha mawaya onse amkati. Ndipo zulani chingwe mukamaliza kuimba. Chikangokhala cholowetsedwa, batire imadyeka ngakhale ampu ili yozima. Ikayamba kutha, mawu amachepa mphamvu n'kuyamba kusasa ngakhale popanda distortion.

Kodi mtundu wa thabwa umasintha mawu?

Oimba amakangana pa nkhaniyi mpaka kalekale. Pa gitala yamagetsi imene yadutsa mu distortion, thabwa la thupi limabwera pambuyo pa nsambo, pickup ndi sipika. Kumene limamveka mosakayikitsa ndi paphewa: basswood ndi yopepuka koma imabooka msanga ikagunda chinthu, mahogany nthawi zambiri ndi yolemera.

Samalani kwambiri za khosi. Nsambo 7 zimakoka mwamphamvu kuposa 6, ndiye khosi lolumikiza zidutswa zitatu kapena zisanu, monga maple ndi walnut, limapirira bwino kuposa lopyapyala la chidutswa chimodzi. Kolekani gitalayo ndi lamba, imirirani, chotsani manja. Mutu ukamagwera pansi, dzanja lamanzere lizigwira ntchito ziwiri, kunyamula khosi ndi kuimba.

Bridge yokhazikika kapena ya Floyd Rose?

Pa gitala yoyamba ya nsambo 7, tengani yokhazikika. Miyezi yoyambirira mudzakhala mukuyesa machunidwe ndi manambala a nsambo osiyanasiyana, ndipo pa bridge yokhazikika kuchoka pa B kupita pa A n'kungopotoza chochunira chimodzi.

Floyd Rose, ndi Edge ya Ibanez, ndi bridge yoyandama: nsambo zimaikokera kutsogolo, masipuling'i a kumbuyo kwa thupi amaikokera mmbuyo. Mukakhwefula B yekha, masipuling'i amapambana, bridge imagwera mmbuyo, nsambo zina zisanu ndi imodzi n'kukwera mawu. Kuti zibwerere muyenera kutsegula chivundikiro chakumbuyo, kukhwefula masikuluwu awiri ogwira masipuling'i pang'onopang'ono, kuchuna, n'kubwerezanso mpaka bridge itagona molingana ndi thupi. Nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo, gitala yonse imasokonekera. Ubwino wake ulipo: ikakhazikika ndipo nut yatsekedwa, imasunga chuni bwino kwambiri. Koma zotsika mtengo zimakhala ndi chitsulo chofewa pamene bridge imatsamira, chimaperepeseka, ndipo bridgeyo imaleka kubwerera pamalo ake. Pa ndalama zochepa, gitala ya bridge yokhazikika imakupatsani zambiri.

Ndikafika m'sitolo, kapena kwa munthu wogulitsa yakale, ndiyang'ane chiyani?

Yambani osalumikiza ku ampu. Menyani B yekha ndipo mvetserani ngati mawu akukhalitsa. Kenako yendani freti iliyonse pa nsambo imeneyo kuyambira 1 mpaka 12. Kukhula pang'ono kumene sikumveka mu ampu si vuto, pafupifupi gitala iliyonse ya nsambo 7 imatero. Koma freti imodzi ikamapha mawu pomwe zoyandikana nazo zili bwino, ndiye kuti pali freti yotumphuka.

Yendetsani chala m'mphepete mwa khosi mbali zonse. Nsonga za mafreti zisakukandeni. Onani ngati B ndi E wamng'ono atalikirana mofanana ndi m'mphepete. E akayandikira kwambiri, amagwera kunja mukamaimba. Suzumirani khosi kuchokera kumutu ngati mukuwongola thabwa. Kupindika pang'ono kutsogolo n'koyenera. Kupotoka, mbali imodzi kukwera ina kutsika, ndi chifukwa chokwanira choisiyira gitalayo. Pa yakale, pemphani kuti apotoze truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chowongolera kupindika kwake, pang'ono inu mukuona, chifukwa ikakhala youma kapena yoperepeseka, kukonza kwake kumatha kuposa mtengo wa gitalayo.

Pomaliza lumikizani ku tuner, kachipangizo kosonyeza ngati nsambo yachunika. Chunani B, kenako mugwire pa freti ya 12. Akakwera, saddle yake, kachitsulo kamene nsambo imagonapo pa bridge, iyenera kubwerera mmbuyo. Yang'anani ngati malo obwererawo alipo. Pa magitala ena ofupika saddle ya B imakhala itafika kale kumapeto, ndipo mukadzaika nsambo yonenepa simudzatha kuikonza.

Ndagula, koma B akumveka wosachunika ndikangomumenya. Chalakwika n'chiyani?

Yang'anani singano ya tuner: mukamenya, imathamangira kumtunda, kenako imabwerera pang'onopang'ono. Nsambo yokhwepa ikamenyedwa mwamphamvu imagwedezeka patali, imatanuka, ndipo kutanukako kumakweza mawu kwa kanthawi. Mankhwala ake ndi nsambo yokulirapo ndi manambala awiri kapena anayi, kumenya mopepukirapo, ndi kuchuna potsatira mawu a nthawi imene piki, kachomenyera nsambo, yangogunda, osati mawu a kumapeto. Woimba nyimbo zothamanga amamveka pa kugundako, ndiye B wake amafunika kutsikirako pang'ono. Kupanikiza kwambiri pa mafreti ataliatali kumakwezanso mawu.

Ngati vuto ndi kukhula mafreti, konzani motsatana. Choyamba khosi: ikani capo, kachipangizo kopana nsambo zonse, pa freti yoyamba, dinani B pa freti yomaliza, yezani mpata pa freti ya 8. Ukhale mamilimita 0.2 mpaka 0.3. Ukasowa, khwefulani truss rod, ukachuluka, mangani. Musapitirire kota ya kuzungulira nthawi imodzi, ndipo chunaninso musanayeze. Chachiwiri kutalika kwa nsambo pa freti ya 12: cha pa mamilimita 2 mpaka 2.3 kwa B, 1.5 kwa E wamng'ono. Chachitatu ma saddle. Chomaliza mapickup: mutadina freti yomaliza, pasiyike mamilimita 2.5 mpaka 3 pansi pa B. Pickup yopanda batire ikayandikira kwambiri, maginito ake amakoka nsambo ndipo mawu amayamba kunjenjemera.

Kuno kwathu khosi limasuntha ndi nyengo. Chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa mwezi wa October zimasintha thabwa, choncho yezani mpata uja kawiri pachaka. Thukuta nalo limadya nsambo zokulungidwa. Zipukuteni ndi kansalu kouma mukamaliza.

Bwanji mawu akumveka ngati akuchokera mu mgolo ndikayatsa distortion?

Kawirikawiri gitala ilibe mlandu. Distortion ikalandira mawu otsika ochuluka imawaphatikiza, ndiye chinsinsi n'kuwachepetsa asanalowe mu ampu. Oimba metal ambiri amaika pedo ya overdrive ya mtundu wa Tube Screamer, TS9 kapena TS808, patsogolo pa ampu: drive pa ziro, level pamwamba, tone pakati. Pedoyi imadula mawu otsika n'kukweza apakati, B n'kumveka wolimba. Pa ampu penipeni tsitsani gain, chochulukitsira distortion, kuposa mmene mumachitira pa gitala ya nsambo 6, bass ikhale pakati kapena kucheperapo, mid, ya mawu apakati, musaichotse. Onjezerani noise gate, yodula phokoso, kuti poima pazikhala zii.

Pa ma multi-effects, zipangizo zokhala ndi zonsezi pamodzi, a Boss, Line 6 kapena Zoom, dongosolo ndi lomwelo: gate, overdrive, ampu, sipika, kenako low cut, yodula mawu otsika, cha pa 80 mpaka 100 Hz. Kaampu ka kuchipinda ka sipika ya mainchi 6 kapena 8 sikatha kunyamula B mukakweza voliyumu, kamangophwephwera. Musaweruzire gitala pa kaampu kotero. Yeserani pa sipika ya mainchi 12 kapena pa mahedifoni abwino.

Phokoso lina limachokera ku nsambo zimene simukuziimba. Mukakhala pa E kapena A, B amalira yekha chapansipansi. Mutsekeni ndi chikhatho cha dzanja lamanja, kapena ndi nsonga ya chala cholozera cha kumanzere. Kachidutswa ka siponji pansi pa nsambo kuseri kwa nut kamathetsa kulira kwa mbali imeneyo.

Sindiimba metal. Kodi ili ndi ntchito kwa ine?

Ili nayo, makamaka ngati mumaimba nokha kapena ndi woimba pakamwa mmodzi. Oimba jazz amachuna nsambo ya 7 pa A kuti chala chachikulu chiziyendetsa besi uku zina zikugwira makodi. Ku Brazil, gitala ya nsambo 7 ya mphako ndi imene imayendetsa mizere ya besi mu nyimbo za choro ndi samba. Mu kiyi ya D, C, E♭ kapena B mumapeza mawu a pansi popanda capo ndi popanda kuchunanso.

Mu bandi yodzaza, monga ya kutchalitchi yokhala ndi besi ndi kiyibodi, nkhani imasintha. B wanu ali m'dera limene woimba besi amayendamo, ndipo dzanja lamanzere la wa kiyibodi lilinso momwemo. Mukapanda kugawana malo, pansi pamadzaza ndipo mawu a oimba amakwiririka. Gwirizanani kuti besi atsike kunsi kwanu, zimene zimaphweka akakhala ndi ya nsambo 5, kapena musunge B kuti muzimugwiritsa ntchito pa magawo ochepa okha. Pa ntchito yotere sankhani ya 25.5, ya mapickup opanda batire ndi switch yogawa humbucker (pickup ya makoyilo awiri) kuti izilira ngati single coil (ya koyilo imodzi). Onetsetsani kuti switchyo ilipodi musanalipire, chifukwa pickup ya mawaya awiri okha sigawika.